Tiyi ndi mapiritsi owonjezera magazi

Kuno ku Dedza, June akafika, ketulo ya tiyi sichoka pamoto. Chondidetsa nkhawa n'choti amayi ena oyembekezera amamwera tiyi yemweyo mapiritsi owonjezera magazi amene amalandira kusikelo. Tiyi amagwira ayironi wa m'mapiritsiwo m'mimba, thupi n'kulephera kumuyamwa bwino. Mkaka nawonso umatero chifukwa cha kashiamu. Mayi amamwa mokhulupirika, koma magazi osachuluka.

Ine ndimati mwerani madzi, tiyi adikire maola awiri. Mukapeza gwafa, lalanje kapena tomato wosaphika, idyani pomwepo, poti vitamini C amathandiza ayironi kulowa m'thupi. Chimbudzi chikada musaope, ndi mapiritsiwo. Koma muziwaika patali ndi ana. Mwana akameza ambiri, mapiritsiwa amakhala poizoni, ndiye thamangirani naye kuchipatala.