Kodi mumadziwa? Ndalama za pafoni sizilira intaneti

Ndalama za pafoni zimayenda ngakhale pa kafoni ka mabatani. Munthu akaimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa TNM Mpamba, foniyo imalumikizana ndi kampani kudzera mu njira ya USSD, yomwe siifuna intaneti.

Ntchitoyi inatchuka ku Kenya, kumene Safaricom inayambitsa M-Pesa mu 2007. Ku Malawi, Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013. Lero mayi wogulitsa usipa ku Nkhotakota amalandira ndalama za kasitomala wa ku Lilongwe n'kukazitapa kwa ejenti pamsika, osawononga ya thiransipoti kupita kubanki.

Komabe ambiri akadali m'mbuyo. Midzi yambiri ilibe magetsi a ESCOM, choncho foni amakatchajitsa kwa amene ali ndi sola, molipira. Amayi ena amadalira foni ya amuna awo, ndipo apa ndalama za geni yawo sizikhala m'manja mwawo kwenikweni. Osaona ndi osadziwa kuwerenga amapempha wina kuwadinira mabatani, nambala yawo yachinsinsi n'kuululika.

Vuto lina ndi la netiweki. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa bungwe la MACRA, loti lithandize kufikitsa netiweki kumadera amene makampani saonako phindu.