Msana ukamawawa, musamangodalira Brufen

Amayi anzanga, ndowa ya malita 20 ikadzaza madzi imalemera makilogalamu 20. Mumaisenza kangapo pa tsiku, mwana ali kumsana, kenako n'kukawerama ndi khasu kumunda. Msana ungalephere bwanji kuwawa? Nthawi zambiri fupa limakhala lili bwinobwino, yatopa ndi minofu yogwira msanawo, ndipo ululu wotere umachepa pakatha masabata ochepa. Kungogona pamphasa masiku ambiri kumaumitsa msana. Muziyendayenda pang'onopang'ono, muzithowa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda, ndipo ponyamula katundu muzipinda mawondo, katunduyo ali pafupi ndi thupi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mapiritsi ogula pagolosale. Brufen, Indocid ndi diclofenac amaziziritsadi ululu, koma mukamamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amayambitsa zilonda zam'mimba, amawononga impso ndi kukweza BP. Mayi woyembekezera asamwe amenewa popanda kuuzidwa kuchipatala, makamaka m'miyezi itatu yomaliza. Yambani ndi Panado: mapiritsi 2 a 500mg nthawi imodzi, osapitirira 8 pa maola 24. Zotemera mphini ndi lezala zisiyeni, sizifika pamene pali vuto.

Choipa china cha mapiritsiwa n'chakuti amabisa matenda. Msana umene ukuwawa usiku ngakhale mwagona, uku mukuonda ndi kutuluka thukuta, ukhoza kukhala TB ya msana. Imeneyi imadya fupa mpaka munthu kutuluka linunda kapena kufa miyendo, chonsecho mankhwala ake ndi aulere ndipo imachizika ikapezeka msanga. Miyendo ikayamba kufooka, kapena mukamva dzanzi pakati pa ntchafu n'kumalephera kugwira mkodzo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati msana ukuwawa ndipo mukutaya magazi mutasiya kale kusamba, kapena kukutuluka chikazi chonunkha, kayezetseni khansa ya khomo la chiberekero. Kwa woyembekezera, msana wowawa limodzi ndi kutentha thupi ndi mkodzo wotentha ungasonyeze kuti matenda afika ku impso.

Kuchipatala musadandaule akapanda kukujambulani X-ray. Adokotala amayamba ndi mafunso, kudina msana ndi kuyesa mphamvu za miyendo, ndipo mwina amayeza mkodzo, magazi kapena makhololo. Inu afotokozereni pamene ululu unayambira, kumene umatsikira, ndi mankhwala onse amene mwamwa.

Ife amene tasiya kusamba mafupa athu amayamba kufooka, moti ena amathyoka chiuno atangoterereka kubafa. Usipa ndi matemba muzidya ndi minga yomwe, muonjezepo bonongwe, soya ndi mkaka ukapezeka. Mawondo a nyamakazi nawonso amafuna kuyenda, ndipo amapepukidwa thupi likachepako. Akamakana kugwada pa Misa, khalani pansi mupemphere muli chikhalire.