LUSO LA MTUNDU, MAUKWATI ANAI: MOYO WA A JOHN BARRYMORE

Ku dziko la America kuli banja lina limene luso la masewero a pabwalo lakhala likuyenda m'magazi mwao kucokera kwa makolo kufikira kwa adzukulu. Limeneli ndi banja la Barrymore, ndipo amene mbiri yao inamveka kutali koposa anali a John Barrymore.

A John anabadwa m'mwezi wa February 1882 mu mzinda wa Philadelphia. Atate ao a Maurice ndi amai ao a Georgiana Drew onse anali ocita masewero, ndipo ambuye ao akazi, a Louisa Lane Drew, ndiwo anali kuyendetsa nyumba ya masewero ya Arch Street mu mzindawo. Akulu ao a Lionel ndi alongo ao a Ethel analowanso nchito yomweyo.

Masautso anayamba msanga. Amai anamwalira ndi cifuwa cacikulu mu 1893, a John ali ndi zaka 11. Mu 1901 atate anasokonezeka mutu, namwalira mu 1905. A John mtima wao unali pa kujambula zithunzi, ndipo anagwirako nchitoyi ku nyuzipepala ina ya ku New York, koma kusowa kwa ndalama kunawabwezera ku nchito ya makolo.

Kumeneko ndiko luso lao linaonekera. Mu 1922 anasewera Hamlet, sewero la William Shakespeare lonena za mwana wa mfumu wofuna kulipsira imfa ya atate wace. Analisewera ka 101 mu New York, kupambana a Edwin Booth amene kalelo anafika ka 100. Mu 1925 anapita nalo ku London, ndipo pambuyo pace analowa kwathunthu nchito ya kanema ku Hollywood.

Komatu cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amene makamu anali kumuombera m'manja analephera kusunga nyumba. Mu 1910 anakwatira Katherine Harris, atate a mtsikanayo asakufuna, ndipo ukwati unatha mu 1917. Mu 1920 anatenga Blanche Oelrichs, wolemba ndakatulo pa dzina la Michael Strange. Anabala mwana wamkazi Diana, koma nsanje ndi ndeu sizinali kutha m'nyumbamo, kotero analekana mu 1928.

Caka comweco anakwatira Dolores Costello, mnzao wa m'kanema, nayenso mwana wa wocita masewero. Anabala ana awiri, Dolores ndi John Drew. Apa mowa, umene a John anayamba akali mnyamata, unali utazika mizu, ndipo mkaziyo atatopa ukwati unatha mu 1935. Wacinai anali Elaine Barrie, amene anamkwatira mu 1936 iwo ali ndi zaka 54, mkaziyo ali ndi 21. Anasudzulana mu 1940.

Mowa sunalekere pa mabanja. Unawalanda cikumbumtima ca mau, kotero kuti munthu amene kale anali kuloweza sewero lonse pamtima anayamba kuwerenga mau olembedwa pa matabwa kuseri kwa makina ojambulira. Cuma cinatha, ngongole zinacuruka, ndipo m'masewero ao otsiriza anthu ambiri anali kubwera kudzaseka kuledzera kwao. Anamwalira pa 29 May 1942 ku Los Angeles ndi matenda a ciwindi ndi impso, ali ndi zaka 60.

Ana analandira colowa ca mitundu iwiri. Diana analowa masewero, nalowanso mowa, ndipo anafa mu 1960 ali ndi zaka 38 cabe. John Drew nayenso anabvutika comweco. Mdzukulu wao Drew Barrymore, wobadwa mu 1975, anachuka ali mwana m'kanema ya E.T. ya 1982, nagwa m'mbuna imodzimodziyo asanakule. Iye anathandizidwa m'cipatala, nadzukanso, ndipo anapitiriza nchito ya makolo ace kufikira kukhala mmodzi wa akazi odziwika bwino a kanema m'dzikolo.