ZA KUWETA NSOMBA M'DZIWE

Kwa eni mabanja a ku Chiradzulu.

Inu nonse mudziwa kuti minda ya dziko lino iri yaing'ono, ndi kuti nsomba za ndiwo zichokera kutali. Ngakhale matemba a ku Chilwa sakhulupirika chaka ndi chaka, pakuti nyanjayo inaphwa m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, nichepanso kwambiri mu 2018. Chifukwa chache munthu wakukhala ndi dambo kapena kasupe achita bwino akakumba dziwe lachelache. Koma ambiri ayamba ndi changu, nataya ndalama zao, popeza aganizira nsomba zokha, naiwala madzi.

Ku Ulaya kuli anthu akusunga nsomba za m'nyanja ya mchere m'mabokosi a galasi. Iwowa athira madzi, nalinda masabata angapo, kufikira zitaswana zamoyo zosaoneka ndi maso zimene ziyeretsa zonyansa za nsomba. Atatero aika nsomba pang'ono pang'ono. Nsomba zimenezo sizikhala m'madzi athu, koma chiphunzitso chao chiri chathu chomwe: woweta nsomba ayamba kuweta madzi.

1. Malo. Sankhani pamene madzi sauma m'mwezi wa October, ndi pamene dothi liri la makande. Kumbani kadzenje, mudzazemo madzi. Akatha usiku umodzi, dothilo siligwira madzi. Musatseke mtsinje, kapena kukumba m'njira ya madzi osefukira. Mukumbukira umo Namondwe Freddy anaonongera dziko lino mu March 2023. Patutsani madzi ndi ngalande, kuti mukhoze kutsegula ndi kutseka monga mufuna.

2. Kukumba. Woyamba akumbe dziwe la mayadi 20 m'litali ndi 10 m'mimba, lakuya mapazi 2 polowera madzi, ndi mapazi 4 potulukira. Sinjani dothi la m'mphepete kolimba, mubzalepo kapinga.

3. Kukonza madzi. Mangani kakhola ka mitengo m'ngodya ya dziwe, muikemo manyowa a nkhuku kapena a mbuzi. Patapita sabata limodzi kapena awiri madzi asanduka obiriwira. Kubiriwirako ndiko timbeu tating'onong'ono timene nsomba zidya. Bviikani dzanja kufikira chigongono: chikhato chikaoneka bwino, onjezani manyowa, chikabisika mutangofika pamfundo ya dzanja, manyowa achuluka, lekani.

4. Mbeu. Makumba ndi chilunguni ndizo nsomba zoyenera woyamba, pakuti zipirira. Funsani mlangizi wa za nsomba kumene kuli mbeu yabwino. Ku Domasi, m'dziko la Zomba, kuli malo a boma oswetsera nsomba. Dziwe tanenali lisapitirire tiana 400. Tengani mbeu m'mamawa, ndipo mutafika musaikhuthule msanga, koma yandamitsani chotengeracho m'dziwe kanthawi, nimusanganize madzi pang'ono pang'ono, kuti kusiyana kwa kutentha kungaiphe.

5. Kudyetsa. Wazani madeya kawiri pa tsiku, pamalo amodzimodzi. Chilunguni chidyanso masamba a mbatata ndi a maungu. Perekani zokhazo zimene zitha. Zotsala zibvunda pansi, niziononga madzi. M'miyezi ya June ndi July, pakuomba chiperoni, nsomba zidya pang'ono, chepetsani chakudya.

6. Chizindikiro cha tsoka. Pitani kudziwe tsiku ndi tsiku dzuwa lisanatuluke. Nsomba ipuma mpweya wa m'madzi. Timbeu tija tipatsa madzi mpweya usana, koma usiku tiutenga. Chotero mpweya uchepa koposa mbandakucha. Mukaona nsomba zambiri ziri kuyasama pamwamba, lekani madeya ndi manyowa, mulowetse madzi atsopano tsiku lomwelo. Wozengereza apeza zakufa m'mawa mwache.

7. Adani. Katumbu, ng'azi ndi mbalame zidya nsomba. Mangani mpanda wa nsungwi, umene utchinjirizanso ana ang'ono kuti angamire. Lambulani udzu wa m'mphepete, pakuti m'menemo mubisala nkhono zakufalitsa likodzo. Ndipo munthu asakodzere m'dziwe kapena kusambamo.

8. Kukolola. Itapita miyezi 6 kapena 8 nsomba zakula. Makumba aswana msanga, popeza yaikazi isunga mazira m'kamwa mwache. Mukaleka kupatula, dziwe lidzala tinsomba tosakula. Tsono kokani, musunge tiana ta mbeu, muphwetse dziwe kuti liume. Matope ache muwatengere kudimba, ndiwo manyowa abwino a mpiru ndi matimati.

Musafulumire kukumba maiwe ambiri. Yambani ndi limodzi, mulisamalire chaka chathunthu. Ndipo ana anu atadya nsomba zache, pamenepo mudzadziwa ngati madzi anu akwanira lachiwiri.