Kagawidwe ka malo mu mzinda wa Zomba ndi ku Domasi

Kagawidwe ka malo, komwe pachingerezi amati zoning, ndi ndondomeko imene khonsolo imatsata ponena kuti dera lililonse ligwire ntchito yanji: pena pakhale nyumba zogona, pena masitolo, pena sukulu, ndipo pena pasamangidwe chilichonse. Ndondomekoyi imalembedwa pa mapu pamodzi ndi malamulo ake. Imafunika kuunikidwanso pakapita zaka chifukwa anthu amachuluka komanso amasintha mmene akugwiritsira ntchito malo awo.

Mbiri

Zomba inali likulu la Nyasaland, kenako la Malawi, mpaka mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Nthawi ya atsamunda malo ankagawidwa poyang'ana mtundu wa anthu. Azungu ankakhala m'munsi mwa phiri pomwe pali kamphepo kayaziyazi, amwenye ankachita malonda pakati pa tawuni, ndipo anthu akuda ambiri ankakhala kumbali. Zomba inakwezedwa kukhala mzinda mu 2008, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti munali anthu 105,013. Ambiri mwa iwo amakhala m'madera ngati Chinamwali, Chikanda ndi Sadzi, komwe nyumba zambiri zinamangidwa mapulani asanafike.

Malamulo

Kwa zaka zambiri nkhani za mapulani zinkayendetsedwa ndi lamulo la Town and Country Planning Act la 1988. Lamuloli linkagwira ntchito makamaka m'madera amene boma linawalengeza kuti ndi a mapulani, monga mizinda ndi matawuni. Kumidzi mfumu ikapereka malo, nkhani inali itatha.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a za malo, kuphatikizapo Physical Planning Act ndi Customary Land Act. Lamulo loyambalo linanena kuti dziko lonse la Malawi ndi dera la mapulani. Izi zikutanthauza kuti ngakhale malo a kumudzi ayenera kukhala ndi ndondomeko yake, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yoletsa kapena kugwetsa chimango chomwe chamangidwa popanda chilolezo. Lamulo lachiwirilo linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi, omwe wapampando wake ndi gulupu ndipo mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Malamulowa anakonzedwanso mu 2022.

Chigwa cha Domasi

Domasi ili kumpoto kwa mzinda wa Zomba, pa msewu wa M3 wopita ku Liwonde, m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia. Ili kunja kwa malire a mzinda, choncho imayang'aniridwa ndi khonsolo ya boma la Zomba, osati khonsolo ya mzinda. Komabe si mudzi wamba. Kuli Domasi College of Education, Malawi Institute of Education, ndende, chipatala, malo ofufuzira za ulimi wa nsomba komanso mishoni ya CCAP yomwe inayambitsidwa ndi amishoni a ku Scotland. Mtsinje wa Domasi umachokera kumapiri a Zomba ndi Malosa n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, ndipo kumunsi kwake anthu amalima mpunga wothirira.

Mabungwe amenewa amakoka anthu ofuna nyumba za lendi, ndipo eni minda ya m'mbali mwa msewu amaidula n'kumagulitsa ngati mapuloti. Kuchokera ku Chinamwali kudutsa pa Songani mpaka ku Domasi, n'zovuta kuloza pamene tawuni yathera ndi pamene mudzi wayambira.

Chifukwa chounikiranso mapulani

Mapulani akale anatengera maganizo a ku Britain akuti puloti imodzi ikhale ndi ntchito imodzi. Koma pakhomo pamodzi pa Songani pangathe kukhala nyumba yogona, okala kutsogolo, khola la mbuzi kuseri, zipinda za lendi za ophunzira ndi kamunda ka chimanga. Mapu akangolemba kuti malowo ndi a nyumba zogona basi, ndiye kuti pafupifupi aliyense wakhala wophwanya lamulo, ndipo lamulo lotero anthu salilabadira. N'chifukwa chake ndondomeko yatsopano imayenera kuyamba ndi kulemba zimene zilipo kale, kenako n'kusiyanitsa ntchito zimene zingakhalire limodzi ndi zimene sizingatheke. Telala kapena okala savutitsa oyandikana nawo, koma chigayo, bala kapena uvuni wa njerwa pafupi ndi sukulu ndi nkhani ina.

Palinso malo amene mapu akale sankawawerengera konse: manda a m'mudzi, madimba, madambo odyetsera ziweto ndi tinjira topita kumjigo. Malo otere alibe mwini mmodzi, choncho ndi amene amayamba kutha mapuloti akayamba kugulitsidwa. Nkhani ya umwini nayo ndi yovuta, poti kuderali malo amatsata kuchikazi. Ngati puloti yalembedwa m'dzina la mwamuna yemwe ndi mkamwini, alongo ndi ana a mbumbayo angathe kutaya malo a makolo awo.

Madera oopsa

Mbali ina imene mapulani sayenera kufewetsa ndi ya m'mphepete mwa mitsinje ndi m'malo otsetsereka. Madzi osefukira a mu 2015 ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anawononga nyumba zambiri m'chigawo cha kummwera, kuphatikizapo boma la Zomba. Mu mzinda, nyumba zina zili pafupi kwambiri ndi mitsinje ya Likangala ndi Mulunguzi. Vuto ndi lakuti anthu amamanga m'malo otere chifukwa ndi otsika mtengo, ndiye kuwachotsa popanda kuwapatsa mapuloti ena kumangowasamutsira kugombe la mtsinje wina.