Chipinda chokhoma cha a Hermès

Mu July 2025, chikwama chimodzi chakale, chokandika m'mbali, chinagulidwa pa okushoni ya Sotheby's mumzinda wa Paris pa mtengo wa ma euro 8.6 miliyoni. Chinali Birkin choyamba, chomwe kampani ya Hermès inasokera woimba Jane Birkin mu 1984. Kodi amangwetu, wogulayo amalipira chikopa chokha?

Tiyambe kumayambiriro. Thierry Hermès anatsegula shopu yake ku Paris mu 1837, ntchito yake kusoka zingwe za mahatchi. Mu 1880 mwana wake anasamutsira bizinesiyo pa nambala 24, msewu wa Faubourg Saint-Honoré, pomwe ilipo mpaka lero. Magalimoto atabwera, ngolo za mahatchi zinatha ntchito. Ambiri anatseka. A Hermès anatenga kasokedwe komweko n'kuyamba zikwama.

Kasokedwe kake nkotere: ulusi umodzi wopaka phula la njuchi, singano ziwiri, ina uku ina uku, zonse kudutsa pabowo limodzi. Ulusi ukaduka pena, msoko wonse susomphoka ngati wa makina. Mmisiri mmodzi amasoka chikwama chonse yekha, maola opitirira 15, ndipo amadindapo chizindikiro chake.

Koma chinsinsi chenicheni chili pamwamba pa sitolo ija. Mdzukulu wa Thierry, Émile Hermès, yemwe anamwalira mu 1951, ankatolera zinthu zakale kuyambira ali mnyamata: zishalo, zikwapu, ndodo, mabokosi a paulendo, zithunzi ndi mabuku. Zonsezi zili m'zipinda zomwe munthu wamba salowa, ngakhale utanyamula ndalama zotani. Amalowa ndi oitanidwa, makamaka ojambula masitayilo a kampaniyo, kukaona mmene akale ankachitira.

Ena adandaula kuti chuma chotere nchofunika aliyense achione, osati kuchikhomera. Nzoona ndithu. Komabe taonani nzeru yake: kwa iwo zinthu zakale si zokongoletsera ayi, ndi sukulu. Wogula akatulutsa ndalama, akugula manja a mmisiri pamodzi ndi mbiri yoyambira mu 1837. Nchifukwa chake chikwama chonamizira chija mumachiona pamsika, chingafanane bwanji, mtengo wake ndi wa kachikwama basi.

Nanga ife? Telala wa pakhonde wasoka zaka makumi atatu, koma funsani patani yake yoyamba: inakulungira mandasi kalekale. Wosoka nsapato akamwalira, zida zake ana amagulitsa, luso limapita naye kumanda. Mwana wophunzira amachita manyazi kugwira singano ya bambo ake.

Simufunika nyumba ya ku Paris ayi. Sutikesi imodzi ndi yokwanira. Sungani patani, sungani chithunzi cha ntchito yanu, lembanipo chaka, phunzitsani mnyamata mmodzi. Paja mawu a akulu akoma akagonera, koma agonera pati ngati palibe wowasunga?