Dothi lomwe mtsinje umayala

Anthu akamva za chigwa cha mtsinje amaganiza za matope okhaokha. Ine ndimawauza kuti apite ku Chikwawa, akakumbe dzenje lofika m'chiuno pafupi ndi gombe la Shire. Akaona dothi losanjikizana ngati mphasa: apa mchenga, apa dothi losalala ngati ufa, pansi pake kamzere kakuda ka zomera zomwe zidakwiririka kalekale. Mzere uliwonse udasiyidwa ndi madzi osefukira a nthawi yake.

Madzi akangotuluka mumtsinje amafooka, ndiye amatula mchenga pomwepo, m'mphepete, poti ndi wolemera. Malowo amakwera pang'onopang'ono, ndipo mvula ikagwa madzi amalowa pansi msanga, mizu n'kumapuma bwino. Dongo, pokhala lopepuka, limakatulidwa kutali, kumalo otsika kumene madzi amadikha. Kumeneko khasu limamata, mbewu n'kumabira.

Maonekedwe a dothi sanama. Dothi lotaya madzi bwino limakhala lofiirira mpaka pansi. Likakhala lotuwa, la madontho ngati dzimbiri, dziwani kuti madzi amakhalitsamo.

Akatswiri a bungwe la FAO amalitcha Fluvisols dothi losanjikizanali, pomwe kagawidwe ka dothi ka ku America ka mu 1975 kamaliika m'gulu la Entisols, nthambi ya Fluvents, chifukwa ndi dothi lanthete, losakhwima. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti chonde chake chimakokera alimi kugombe kwenikweni, kumene namondwe Freddy mu 2023 adakwirira minda ina ndi mchenga wokhawokha.